Dimba la kuseri kwa nyumba: mugule mbewu ziti mwezi wa Malichi?

Amayi a ku Mufakose mumzinda wa Harare, mwati malo anu ndi ochepa ndipo mukufuna kudziwa zogula kuti muyambe dimba mwezi uno. Yambani mwawerengera madzi, mbewu zibwere pambuyo. Mvula ikusiya tsopano, idzabweranso cha mu Novembala, ndipo pampopi madzi satuluka tsiku lililonse. Bedi la mita 1 m'lifupi ndi mamita 3 m'litali limamwa keni imodzi ya malita 10 patsiku nyengo yozizira. Mabedi awiri kapena atatu akukwanirani, bola muphimbire ndi udzu wouma.

Nyengo ikubwerayi ndi ya ndiwo zamasamba. Covo, ndiwo yamasamba yofanana ndi repu, musavutike kufunafuna njere zake. Pemphani timphukira kwa anansi, tothyola m'mbali mwa tsinde, mudzale motalikana masentimita 45 ndi kuthirira tsiku lililonse mpaka tigwire. Koma yang'anani kunsi kwa masamba musanatenge, chifukwa nsabwe zimabwera ndi mbande za eni ake. Akagwira, mudzathyola chaka chonse. Repu gulani Giant English. Mpiru wathu uja kuno amati tsunga, mukafunse dzina limenelo. Umakonda kuzizira, ukafesedwa kotentha umathamangira maluwa masamba asanakule. Anyezi wa Texas Grano fesani pofika Epulo.

Tomato dikirani kaye. Chisanu cha Juni ndi Julayi chimawaula masamba, makamaka malo otsika. Mudzafese mu Ogasiti, ndipo mtundu wa Rodade ndiwo woyenera chifukwa amapirira matenda ofota.

Njere gulani za m'paketi yomata, yolembedwa dzina la mtundu ndi deti, monga zopezeka ku sitolo ya Farm & City. Zomanga m'timapepala topanda dzina zisiyeni, zambiri zimakhala zogonera ndipo zimamera apa ndi apo. Mukakayikira, ikani njere 10 pakansalu konyowa. Zikamera zosakwana 7 pakatha sabata, musataye nazo nthawi.

Finyani dothi lonyowa m'dzanja. Likamwazika, ndi lamchenga: silisunga madzi, komanso ndimo mumachuluka tinyongolotsi totupitsa mizu. Mankhwala ake ndi manyowa owola bwino, ndowa imodzi pa mita iliyonse ya bedi, kuwonjezera feteleza wa Compound D wodzaza manja awiri, musakanize ndi dothi musanadzale. Zitosi za nkhuku zaziwisi zimawotcha mizu, zisiyeni ziwole miyezi iwiri kapena itatu. Pakatha masabata atatu chiwokereni, thirani feteleza wa AN (ammonium nitrate) wodzaza kachitsekero ka botolo pa phando lililonse, chapatali ndi tsinde, n'kuthirira nthawi yomweyo.

Pa zida musawonongerepo ndalama zambiri, zofunika ndi izi zokha: khasu, keni yokhala ndi chosefera kukamwa kuti madzi asakokolole njere pa nazale, ndi mgolo wotsekera wosungiramo madzi a masiku amene pampopi pauma.