Funsani za Kukhitchini: Marshmallow amamatirana, nditaye?

FUNSO: Zikomo amayi. Mlamu wanga anabweretsera ana mapaketi awiri a marshmallow kuchokera ku Lilongwe, koma kutentha kwa kuno ku Senga Bay kwawafewetsa mpaka amamatirana. Kodi ndingowataya? — Mayi wa ana atatu, Salima

YANKHO: Musataye, achemwali! Marshmallow ndi maswiti ofewa. Amapangidwa ndi shuga, manyuchi ndi gelatin (cholimbitsa zakudya chochokera ku zikopa ndi mafupa a nyama), n'kuzipuntha mpaka zitafufuma. Gelatin sapirira kutentha, n'chifukwa chake dzuwa la kunyanja lawafewetsa. Ngati sakununkha kapena kuchita nkhungu, akadali abwino.

Ine ndimawaphatikiza ndi mtedza. Kazingani makapu awiri a mtedza, muchotse makoko. Sungunulani masupuni awiri a majarini mupoto, kenako thirani paketi imodzi ya marshmallow n'kumatakasa ndi mthiko. Apa ndiye pofunika mtima wodekha: mbaula ikhale ndi makala ochepa chabe. Tsiku langa loyamba ndinakoleza moto wophikira nsima, zinapserera pansi ndipo zitazizira zinalimba ngati mwala. Zikangosungunuka, phulani, thirani mtedza uja, mukhuthulire mumbale yopaka majarini n'kusalaza ndi supuni yonyowa. Zikazizira, dulani tizidutswa. Mbuliuli kapena mabisiketi oswaiswa amalowanso bwino m'malo mwa mtedza.

Chinthu china chomwe ndimachitengera pamtima: gelatin wambiri amachokera ku nkhumba. Ku Salima tili ndi anansi ambiri achisilamu, choncho musanagawire ana awo, yang'anani papaketi ngati pali chizindikiro cha Halaal.

Paketi inayo muyitsekere m'botolo louma, muyike pamthunzi.