Mwana wanga amangotola mawailesi akufa

Mayi wina wandilembera kuti mnyamata wake, yemwe wangomaliza kumene sekondale, wadzaza chipinda ndi mawailesi akufa, mafoni osweka ndi zam'kati mwa makompyuta. Amazilumikiza n'kupanga ziboliboli, ndipo wakana maphunziro owerengera ndalama omwe makolo amusankhira. "Ndingomuwotchera zinyalalazi?" akufunsa mayiwo.

Makalata otere amabwera kawirikawiri, ndipo chimandinyansa n'chakuti makolo amathamangira machesi asanamufunse mwana zomwe akupanga. Mayi, musawotche. Utsi wa mawaya ndi pulasitiki ndi poizoni, komanso lusoli lilipodi. Cyrus Kabiru wa ku Kenya anatchuka ndi magalasi ovala omwe amapanga kuchokera ku zinthu zotayidwa. Zopangira nazo sizidzasowa: mu 2022 mokha dziko lonse lapansi linataya matani 62 miliyoni a zipangizo zamagetsi.

Koma iwe mnyamata, tchera khutu. Kumata mafoni khumi pamodzi si chiboliboli ayi. Mu 1974 mmisiri Nam June Paik wa ku Korea anakhazika fano la Buddha, yemwe anayambitsa chipembedzo cha Chibuda, patsogolo pa TV, kamera ikulijambula, fanolo n'kumadzionera lokha. Anthu anagwidwa mtima ndi ganizolo, osati TV. Nanga chako chikunena chiyani? Ndipo usadzinamize kuti chaka chamawa uzidya za ziboliboli. Amisiri ambiri amamera imvi asanafikepo. Paik yemweyo anayamba wamaliza maphunziro ku University of Tokyo mu 1956.

Njira yomwe ndikuikhulupirira ndi iyi: kaphunzire zamagetsi kusukulu ya ntchito zamanja. Panopa ukugwira zinthu zomwe sukuzidziwa. Galasi la TV zakale zachimsana zija lili ndi mtovu, ndipo zimasungabe mphamvu yamagetsi ngakhale utazizula pakhoma. Batire ya foni ukaiboola imayaka moto. Kusukuluko ukaphunzira kuwotcherera ndi kutsata njira ya magetsi, kuti chiboliboli chako chiziyaka kapena kuyenda mmene wafunira iwe. Paik ankadalira injiniya Shuya Abe pa zoterezi. Iwe ukhoza kukhala nazo m'manja mwako. Masana uzikonza mafoni a anthu n'kumapeza ya sopo, madzulo uzipanga zako. Chilichonse chomwe wamaliza uzichijambula bwino ndi kulembapo mizere iwiri yofotokoza ganizo lake, poti okonza zionetsero amayamba aona zimenezo.

Mayi, za maphunziro owerengera ndalama zisiyeni. Mwana wosachita ulesi kumasula wailesi mpaka kasikuluwu komaliza ali nako kanthu ndithu. Mupatseni malo opita mphepo ogwirirapo, koma ayambe walembetsa sukuluyo.