Funsani Atsibweni: Alakatuli achinyamata a ku Nigeria akulira chani?

FUNSO: Atsibweni, ndimakonda kuonera ndakatulo zapasiteji pa YouTube bandulo ikalola. Koma ana a ku Nigeria ongoyamba kumenewa ambiri nkhani yake ndi imodzimodzi, eti bambo Myoruba mayi Muigbo ndiye kwathu sindikukudziwa. Ineyo bambo anga ndi Mtumbuka wa ku Rumphi, mayi Mlomwe wa ku Thyolo, koma sindinalirepo pa maiki. Si matama chabe amenewa? — Mtsikana wa ku Ndirande

YANKHO: Mwanawe, usawaseke anzakowo. Iwowo pamwambo wa banja amakhala ndi agogo amene anaona nkhondo ali mbali zosiyana. Kuyambira 1967 mpaka January 1970 Aigbo motsogozedwa ndi Ojukwu anapatuka nkutcha dziko lawo Biafra, boma linatseka njira zonse za chakudya moti anthu oposa miliyoni anafa, ambiri ndi njala. Nthawi imeneyo wamkulu wa Ayoruba, Awolowo, ndi amene ankayang'anira chuma m'boma la Gowon, mtsogoleri wa Nigeria, ndipo nkhondo itatha Muigbo amene anasunga ndalama kubanki ku Biafra anangopatsidwa mapaundi 20 basi, kaya anali ndi zingati. Agogo akuchikazi akamakamba zimenezi agogo akuchimuna ali pompo, mwana aziyang'ana kuti?

Ngakhale ndakatulo zawo zinagawikana pomwepo. Christopher Okigbo, mlakatuli wachiigbo, anafera kunkhondoko mu 1967, pomwe Wole Soyinka, Myoruba, anakhala m'ndende pafupifupi zaka ziwiri atapita ku Enugu kukaonana ndi Ojukwu.

Ndiye usaganize kuti ndi zakale. Mafomu a boma kumeneko amafunsa state of origin, kutanthauza chigawo chimene umachokera, ndipo amatengera kwa bambo, ngakhale unabadwira ku Lagos mudziwo sunapondeko. Pachisankho cha 2023 Gbadebo Rhodes-Vivour ankafuna ugavanala wa Lagos, koma poti mayi ake ndi Muigbo adani ake ankangomuitana Chinedu, dzina lake lachiigbo, kuti anthu amuone ngati mlendo.

Zimene zimandisangalatsa ine ndi zazing'onozing'ono zimene amalemba. Mnyamata amagona chafufumimba polonjera akulu a kwa bambo, akachita zomwezo kwa amayi azisuweni akumuseka. Mbale ina amala ndi ewedu, chakudya cha Ayoruba, ina ofe onugbu, ndiwo za Aigbo, ndipo Aigbo pocheza amawanena Ayoruba kuti ndi ofe mmanu, anthu a ndiwo zamafuta. Agogo aakazi kwa bambo akumulakatulira oriki, ndakatulo yotamanda mtundu, iye akungomva theka. Enatu amangobwereza zomwezi mpaka kutopetsa, apo ndikugwirizana nawe, si aliyense wogwira maiki amene ali mlakatuli.

Koma iweyo wangochita mwayi. Kwa Atumbuka mwana ndi wa bambo, kwa Alomwe ndi wa mayi, ndiye mbali zonse akukukanganirana. Tafunsa mnzako amene bambo ake ndi Mlomwe, mayi Mtumbuka, kuti munda wake uli kuti.