Malole akale a ku Britain: amene amaphwanyidwa ndi amene amafika kwathu

Achimwene, uthenga wanu ndauona. Mwati mwamva kuti ku England boma likulipira eni malole akale kuti awaphwanyitse, ndiye mukufunsa ngati munthu sangathamangire kukawagula motchipa asanasanduke zitsulo, n'kuwatumiza ku Malawi. Funso limeneli ndafunsidwa kambirimbiri m'zaka zimene ndakhala ndikutumiza malole kuchokera kuno. Lole imene mwini wake walandirira ndalama yophwanyitsira, iwalani, imeneyo yapita. Zimene timagula ife ndi zina, zimene eni ake athawa nazo chilango.

Ndiyambe ndi chilangocho, poti ndicho chimatulutsa malole pamsika. Mzinda wa London uli ndi lamulo la utsi lotchedwa Low Emission Zone, limene linayamba mu February 2008, ndipo limagwira usana ndi usiku chaka chonse. Pa 1 March 2021 analikhwimitsa. Kuyambira tsiku limenelo, lole yolemera kupitirira matani 3.5 iyenera kukhala ndi injini ya mulingo wa Euro VI. Ya Euro IV kapena Euro V ikalowa mumzindamo imalipira £100 patsiku, yakale kuposa pamenepo £300. Mizinda ina inatsatira: Bath ndi Bristol amadula £100 patsiku, Birmingham, Sheffield ndi Bradford £50. Euro VI inayamba kukhala yokakamiza pa malole atsopano cha kumayambiriro kwa 2014, choncho lole yambiri ya 2013 kubwerera m'mbuyo inagwa m'mbuna imeneyi ngakhale inali yamoyo bwinobwino.

Tawerengani nokha. Munthu wa tipa imodzi wotuta mchenga ndi zinyalala za pa zomangamanga mu London, akamagwira masiku asanu pa sabata, ndi £500 pa sabata. Masiku 250 pachaka, £25,000. Palibe tipa yakale imene ingabweze ndalama yotereyi.

Tsono ndalama ya boma ija. Mu 2020 bungwe la Transport for London, pansi pa meya Sadiq Khan, linatsegula thumba lothandiza makampani ang'onoang'ono ndi mabungwe achifundo: £15,000 pa galimoto yaikulu iliyonse, kuti aiphwanyitse n'kupeza yovomerezeka, kapena aimangirire zipangizo zochepetsa utsi. Anthu analikhamukira, ndipo m'masabata ochepa khomo la malole linatsekedwa. Thumba lalikulu limene munamva pa nkhani ndi la ULEZ (lamulo linanso la utsi mu London), limene linatsegulidwa mu January 2023, linakula kufika £210 miliyoni, n'kutsekedwa mu September 2024. Koma limenelo linali la magalimoto ang'onoang'ono, njinga zamoto, mavani ndi maminibasi: £2,000 pa galimoto, £7,000 pa vani. Malole akuluakulu munalibe. Ngakhale ndondomeko ya dziko lonse ya 2009 mpaka 2010, ya £2,000 ija, inalekezera pa mavani a matani 3.5. Ndiye mukamva kuti boma likugula malole akale, dziwani kuti karoti, ndalama yonyengerera ija, inali yaing'ono, chikwapu cha chilango ndicho chinali chachitali.

Wolandira ndalamayo amapereka galimoto ku malo ophwanyira ovomerezeka ndi boma. Iwo amatulutsa pepala lotchedwa Certificate of Destruction n'kudziwitsa a DVLA, ofesi yolembetsa magalimoto. Pepalalo likatuluka, nambala ya chasisi imeneyo siidzayendanso pamsewu. Kuti muone kukhwima kwake: anthu atapempha kuti magalimoto abwino apite ku Ukraine m'malo mophwanyidwa, zinatenga miyezi ya makambirano mpaka analola mu March 2024, ndipo chilolezocho chinali cha Ukraine yekha. Malawi munalibe.

Ine ndinapsapo chala pamenepa, zaka zanga zoyambirira. Mkulu wina ananditumizira zithunzi za lole yooneka bwino, n'kunena kuti ndi ya sikirapu ya boma, ali ndi munthu wake mkati woti aitulutsa pakhomo lakuseri. Ndinapereka dipoziti. Nditafunsa buku la galimotoyo, V5C, nkhani zinayamba kuchuluka, kenako foni inasiya kulowa. Kuyambira pamenepo, popanda V5C m'dzina la wogulitsa, ndiponso popanda kuona ndi maso anga nambala ya pa chasisi ikufanana ndi ya m'bukumo, sinditulutsa ngakhale paundi imodzi.

Amene anapwetekeka kwambiri ndi lamuloli ndi anthu ngati inu ndi ine, a lole imodzi kapena ziwiri. Makampani akuluakulu amatenga malole pa lendi ya zaka zingapo, ikatha amabweza n'kutenga atsopano, choncho lamulo linawapeza atasintha kale. Wa lole imodzi anali atamaliza ngongole, n'kumati tsopano ndiyambe kudyerera. Mwadzidzidzi lole yake yatsika mtengo chifukwa aliyense akugulitsa nthawi imodzi, pomwe ya Euro VI yogwiritsidwa kale ntchito yakwera chifukwa aliyense akuifuna. £15,000, kwa amene anaipeza, siifika pa mtengo wa lole yatsopano, ndi chiyambi chabe cha ngongole ina. Ndakumanapo ndi madala ena a imvi zawo amene anangoti basi ndapuma, n'kundipatsa makiyi pamodzi ndi bokosi la masipanala. Ena anasamutsira malole awo kumidzi ndi kumadera kopanda chilango. Otsalawo anatengera ku okshoni, ndipo kumeneko n'kumene timadikirira ife, pamodzi ndi anzathu a ku Zambia, Zimbabwe ndi Tanzania. Chimatikokera tonse n'chimodzi: chiwongolero cha ku Britain chili kudzanja lamanja, monga timayendera kwathu.

Ndalama yophwanyitsira ija, pamene ilipo, imandikhudza mwanjira ina. Imaika poyambira mtengo. Mwini vani amene akanalandira £7,000 ku boma sakanandigulitsa pa £4,000, ngakhale vaniyo ikhale yotopa chotani. Choncho nthawi ya thumba la ULEZ, mavani otchipa a m'dera la London anasowa m'manja mwathu. Ogula kuti atumize kunja tinkapikisana ndi boma, ndipo boma silinenerera.

Tsono pogula, musatengeke ndi utoto. Kuno amathira mchere m'misewu nthawi yozizira, ndiye dzimbiri limadya chasisi chamkati kunja kukuwala. Lowani pansi ndi tochi ndi hamala. Chachiwiri, mahosi (mitu yokoka thirela) ambiri a kuno ndi 6x2, okoka ndi ekiselo imodzi yokha, ekiselo yapakati yonyamuka, opangidwira misewu yosalala. Kwathu, lole yokatenga chimanga kapena fodya kumudzi nthawi ya dzinja imafuna 6x4, yokoka ndi maekiselo onse awiri akumbuyo, imene madalaivala amati dabulo difu. Ya 6x2 imachita bwino pa tara, Beira mpaka Blantyre, koma ikaponda matope imangozungulira tayala. Za 6x4 kuno n'zosowa, n'chifukwa chake zimadula.

Za injini ndinene maganizo anga, ena atsutsa. Ine ndimakonda Euro V, monga DAF XF105, Scania R ya nthawi imeneyo kapena Volvo FH. Ndi zimene chilango chinataya pamsika zikadali ndi mphamvu, ndipo amakaniko a ku Kanengo ndi ku Limbe anazizolowera, masipeya ake amapezeka. Euro VI ili ndi sefa ya mwaye mu ekizozi, masensa osawerengeka, ndipo inapangidwira dizilo wa salufa wochepa, wa 10 ppm, pomwe wathu ndi wa 50 ppm, osanena za wa m'zigubu wa m'mbali mwa msewu. AdBlue, madzi a mankhwala ochepetsa utsi, ikatha kapena sensa imodzi ikadwala, kompyuta imadula mphamvu, lole n'kumakwawa pa chitunda cha Chiweta ngati ngolo ya ng'ombe. Ambiri amathamangira kochotsa zipangizozi. Kuno kutero ndi mlandu, ndipo ndisabise, zikachotsedwa utsi umene a ku London anaukana timaupuma ndife ku Lilongwe.

Lole ikagulidwa, timadziwitsa a DVLA kuti yatuluka m'dziko kotheratu, timachita mapepala a kasitomu, n'kuisungitsira malo pa sitima ya RoRo, imene galimoto imakwera yokha n'kutsika yokha. Madoko ake ndi monga Southampton ndi Tilbury. Mtengo wa sitima umatengera kukula kwa malo amene lole yatenga, n'chifukwa chake mumaona thirela itabereka inzake, kapena lole yaing'ono itakwezedwa pamsana pa yaikulu. Ikatsikira ku Dar es Salaam imalowa pa Songwe. Ya ku Walvis Bay imadutsa Zambia n'kulowa pa Mchinji. Ya ku Durban imayenda pa bondi, kutanthauza ngati katundu wongodutsa woyang'aniridwa ndi a kasitomu, chifukwa South Africa salola magalimoto akale ochokera kunja kugulitsidwa m'dziko mwawo, ndipo imadzalowa pa Mwanza kapena Dedza. Chotsani wailesi ndi zonse zomasuka musanapereke makiyi padoko.

Musanagule, khalani pansi ndi ejenti wa za kasitomu akuwerengereni msonkho wa MRA pa lole yeniyeniyo, chaka chake ndi matani ake, chifukwa malamulo a msonkho amasintha ndi bajeti. Ndipo siyani mpata wa kwacha. Mu November 2023 inagwa ndi 44 peresenti tsiku limodzi, anthu malole ali panyanja, ndipo ena anawasiya padoko ndalama ya malo osungira ikukwera tsiku ndi tsiku.

Ngati ndalama yanu siikwana lole yathunthu, njira ina ilipo. Malo ophwanyira aja amagulitsa mainjini, magiyabokosi, madifu ndi makabu, ndipo timadzaza m'kontena ya mafiti 40. Mwini lole wa kwathu amene injini yake yafa amalipira msanga kuposa wofuna lole yonse. Muumirire kuti injiniyo ailize mukuona isanamasulidwe, ndipo mafuta onse akhetsedwe isanalowe m'kontena.

Za lole imene mwaiona pa Facebook ija, nditumizireni nambala yake ya kutsogolo, chithunzi cha V5C ndi cha nambala ya pa chasisi. Ndiyang'ana mbiri ya mayeso ake apachaka pa tsamba la boma, ndipo ngati ili kufupi ndi Birmingham ndikaiona Loweruka. Dipoziti musapereke kaye.