Kang'azi ka m'diramu: yankho langa kwa m'bale wa ku Chikanda

Sabata yatha ndinalandira imelo kuchokera kwa mnyamata wina wa ku Chikanda konkuno ku Zomba. Akuti mvula yoyamba itagwa anapita kudimba la amayi ake m'mbali mwa Likangala, ndipo pafupi ndi chulu anapeza kang'azi kakang'ono, kakuda, ka mizere yachikasu, kotalika kupitirira pang'ono chikhatho cha munthu wamkulu. Anakagwira n'kukaika m'diramu lodula pakati. Tsopano patha masiku asanu ndi limodzi, sikakudya, ndipo iye akangosuzumira kamafufumitsa khosi, kulira kuti fwaaa, n'kumakwapula chitsulo ndi mchira. Funso lake ndi lakuti: "Ndimaona pa YouTube azungu atanyamula ng'azi paphewa ngati mphaka. Nanga ine ndichite bwanji kuti kanga kandizolowere?"

Achimwene, zikomo pondilembera. Ndathokoza kwambiri kuti simunakaphe, poti ambiri kuno tikaona ng'azi dzanja limathamangira mwala. Koma ndikuyankhani mosabisa mawu, ngakhale yankho lake mwina silikukomerani.

Zimene kakuchitazo si ukali, ndi mantha. Kang'azi kamsinkhu umenewo ndi ndiwo za aliyense: kabawi, kakowa, njoka, mphaka, ngakhale ng'azi zinzake zikuluzikulu. Imfa yake kawirikawiri imachokera kumwamba. Ndiye tangoganizani, inu mwakaika pansi pa diramu pomwe palibe pobisala, ndipo nthawi iliyonse mukabwera kamaona mutu ndi dzanja zikutsika kuchokera kumwamba. Kwa iko inu ndinu kabawi amene amabwera kasanu pa tsiku. Kadye bwanji?

Muyenera kudziwanso chimene mwagwiracho. Kuno kwathu tili ndi mitundu iwiri imene anthu amaisokoneza. Pali ng'azi ya m'madzi, imene a sayansi amaitcha Varanus niloticus, ndipo pali gondwa wa kumtunda, Varanus albigularis, wa mutu waukulu ndi mphuno yobuntha, wokonda m'miyala ndi m'mphako za mitengo. Kanu, malinga ndi mtundu wake ndi malo amene munakapeza, ndi ka m'madzi. Mwa abuluzi onse a mu Africa palibe wotalika kuposa ameneyu: wamkulu amafika mamita awiri. Ndipo chulu chija sichinali pamenepo mwangozi. Ng'azi yaikazi imakumba chulu chamoyo dothi likafewa ndi mvula, n'kuikiramo mazira ambiri, nthawi zina mpaka 60. Chiswe chimamata pobowokapo, mazira n'kukhala m'kati motentha bwino ndi mwachinyezi kwa miyezi yambiri, osafuna make. Mvula ina ikafewetsanso chulu, ana amadzikumbira okha njira. Kanu kanali katangotuluka kumene. Nthawi zonse ndikaganiza za nzeru imeneyi, yosiyira chiswe ntchito yofungatira, ndimagwira pakamwa.

Za makanema aja, chikomekome cha mkuyu m'kati muli nyerere. Zambiri zimene mumaona zitagona phee pachifuwa cha munthu si ng'azi za m'madzi. Ena ndi agondwa a ku West Africa, Varanus exanthematicus, amene amagwidwa ali aang'ono m'maiko monga Ghana, Togo ndi Benin n'kukagulitsidwa ku Ulaya ndi ku America, ndipo ambiri mwa iwo amafa asanakalambe chifukwa chosungidwa molakwika. Palinso chinsinsi china: buluzi wozizidwa amafatsa. Thupi lake silidzipangira kutentha ngati lathu, choncho akazizidwa amalefuka, ndipo munthu wosadziwa amati wazolowera. Wonenepa kwambiri nayenso amafatsa, wodwala chimodzimodzi. Ngakhale pakati pa anthu oweta abuluzi kunjako, ng'azi ya m'madzi imadziwika kuti ndi imodzi mwa zovuta kwambiri kuweta. Ku Florida, mumzinda wa Cape Coral, ng'azi zothawa ndi zotayidwa ndi eni ake zitawakulira zinaswana kutchire kuyambira cha m'ma 1990, ndipo mu 2021 boma la kumeneko linaiika m'gulu la nyama zoletsedwa kuweta pakhomo.

Inenso ndinayendapo njira yanuyi. Ndili mnyamata ndinagwira ng'azi yotalika ngati mkono wanga n'kuitsekera m'khola lakale la akalulu, la waya wa sefa. Ndinkaiponyera matemba ndi mazira, ndipo ndinkaona ngati ndikuichitira chifundo. Usana wonse inkangogunda mphuno pawaya, uku n'kubwerera, uku n'kubwerera. Sabata yachitatu ndinaona kuti kumphuno kwasupuka, kwatsala chilonda chofiira, ndipo zikhadabo ziwiri zathyoka. Matemba anali ataunjikana pakona, ntchentche zili ng'waa. Nditatsegula khola kumtsinje sinathamange n'komwe. Inayenda pang'onopang'ono, kulowa m'madzi, osaonekanso. Chilonda chija ndimachionabe m'maso mpaka lero, ndipo ndi chifukwa chake imelo yanu sindinaisiye kuti igone.

Tinene kuti mwalimba mtima, mukufunabe kuweta. Choyamba si khola, ndi lamulo. Nyama zakutchire m'dziko muno zili m'manja mwa Dipatimenti ya National Parks and Wildlife, pansi pa lamulo la 1992 lomwe linakhwimitsidwa mu 2017, ndipo kusunga nyama yakutchire pakhomo kumafuna chilolezo chawo. Ng'azi zonse zilinso pa mndandanda wa pangano la CITES loyang'anira malonda a nyama pakati pa maiko, ndiye wina akakunyengererani kuti ali ndi msika kunja, m'kaneni.

Chachiwiri ndi malo. Pakatha zaka ziwiri kapena zitatu diramu lanu likhala ngati kapu. Ng'azi yaikulu imafuna mpanda waukulu ngati chipinda chogona, wa khoma losalala poti imakwera, wa maziko akuya poti imakumba, wotseka pamwamba, wokhala ndi dziwe loti imiremo thupi lonse. Madziwo imachitiramo chimbudzi, ndiye ndi osintha pafupifupi tsiku lililonse. Werengerani nokha bilu yake, kapena ndowa zosenza. Pamafunika pogona padzuwa pomwe mwala umatentha madigiri 45 kapena kupitirira, ndi pamthunzi pothawira ikatenthedwa. Dzuwa lenileni n'lofunikanso kuti mafupa alimbe, ndipo lodutsa pagalasi silithandiza. Apa tili ndi mwayi woposa azungu amene amagula mababu odula, koma musaiwale June ndi July wa ku Zomba kuno, chiperoni chikaphimba phiri masiku anayi. Yakutchire imadziwa una wofunda wokabisalamo. Ya m'khola idzayang'ana kwa inu.

Chakudya chake ndi chathunthu, cha mafupa ndi zigoba: ziwala, nkhululu, mphemvu, ngumbi, nkhono, nkhanu, achule, tinsomba tatiwisi. Ikamakula mano ake akumbuyo amabuntha n'kukhala ophwanyira zigoba. Mukamaipatsa minofu yokhayokha ya kubutchala, mafupa amafewa, nsagwada kupindika, miyendo kulemala. Nsima, usipa wouma ndi zotsala za patebulo ayi. Ziwala za m'dimba lopoperedwa mankhwala ndi poizoni. Ndipo ntchito imeneyi si ya chaka chimodzi, poti yosamalidwa bwino imatha zaka zoposa khumi. Mukadzapeza ntchito ku Blantyre kapena kukwatira, adzatsala nayo ndani? Amayi?

Palinso za thupi lanu. Ng'azi ikaluma siifulumira kusiya, ndipo bala lake limatuluka magazi kwambiri, kutupa, n'kutukusira msanga ngati silinatsukidwe ndi sopo ndi madzi ambiri n'kukalionetsa kuchipatala. Zikhadabo zimang'amba khungu, mchira ukakupezani m'diso ndi nkhani ina. M'ndowe zake mumakhala tizilombo ta Salmonella toyambitsa kutsegula m'mimba, toopsa kwa makanda ndi okalamba, choncho beseni lake lisayandikire mbale zodyera. Tisanamizanenso za kwathu kuno. M'nyumba zalendi zogundana ngati za ku Chikanda, munthu wosunga ng'azi m'diramu anthu samuyang'ana bwino. Anapiye a aneba akasowa, mlandu ndi wanu. Mwana wa pakhomo lina akadwala, ena ayamba kunong'ona za ufiti, ndipo mukudziwa kumene manong'onong'o otere amathera.

Tsopano pa funso lanu lenileni, la kuzoloweretsa. Ng'azi si galu. Siifuna bwenzi, siisangalala ndi kusisitidwa, kutchire imayenda yokha. Chimene ingaphunzire n'chakuti munthu uyu sandipweteka, ndipo akabwera pamabwera chakudya. Nzeru zophunzirira zimenezo ili nazo zambiri. Ku San Diego Zoo ku America, wofufuza wina dzina lake John Phillips ankadyetsa agondwa a mtundu wathu womwewu nkhono zowerengeka, ndipo anaona kuti akachotsapo imodzi gondwa ankaisakasaka; ankatha kusiyanitsa chiwerengero mpaka zisanu ndi imodzi. Nyama yokumbukira chotero imakumbukiranso dzanja limene linaifinya. N'chifukwa chake malangizo akuti muziinyamula tsiku ndi tsiku mpaka itope ndi oipa. Yotopa kulimbana siinazolowere, yangotaya mtima.

Njira yoona ndi yosagwira. Ndinaiphunzira patapita zaka zambiri, pa ng'azi ya mfulu. Kuseri kwa nyumba imene tinkachita lendi kumtunda kwa tauni kunali kamtsinje kotsika kuphiri, ndipo pamwala wina wafulati pankaothera dzuwa ng'azi yotalika kupitirira mita, cha m'ma 9 koloko m'mawa. Poyamba ndikangotulukira pa nthochi, imvekere phava m'madzi. Ndinayamba kukhala pa chitsa chapatali, pa nthawi yomweyo, m'malaya omwewo, chammbali, osaiyang'anitsa. Ndinkasiya nkhono zitatu pamwala n'kubwerera pachitsa. Masabata awiri oyamba inkadya ine nditachoka. Kenako inayamba kutulutsa mutu wokha m'madzi, kundiyang'ana ndi diso limodzi, lilime lake la mphanda lili lawilawi kulawa fungo langa mumphepo. Ndi lilime limenelo imanunkhizira, ndipo mukaona likutuluka mwachifatse, lalitali, dziwani kuti mtima wake uli m'malo. Khosi likafufuma, thupi n'kupendekera kumbali, mchira n'kupindika, mwayandikira kwambiri, bwererani. Sabata iliyonse ndinkasendera phazi limodzi. Akuluakulu anati kuona maso a nkhono n'kudekha. Mwezi wachitatu ukutha inatenga nkhanu pa nsonga ya bango limene ndinagwira m'manja. Ndinamva kukoka kwake m'dzanja langa, ndinamva chigoba chikuphwanyika kuti gwede gwede, ndinaona timadontho tachikasu pakhosi pake tikuyenda pomeza. Sindinaikhudze ngakhale kamodzi. Ndikaganiza tsopano, pena ndimadzifunsa ngati kuizoloweretsa munthu kunali kuichitira zabwino, poti si onse odutsa pamtsinje amene anali ndi nkhono m'manja. Choncho ngati mungayese zotere, sankhani malo obisika, ndipo musaikokere kufupi ndi makola a nkhuku.

Ngati mtima wanu uli pa nyama zimenezi, ndipo ndikuona kuti uli pomwepo, Zomba wakupatsani zambiri. Tsikirani ku Kachulu m'mbali mwa Chilwa, nyanja imene inalowa m'ndandanda wa madambo otetezedwa wa Ramsar, mukakhale phee pafupi ndi mabango dzuwa likamakwera. Sungani kangachepe mupite ku Liwonde National Park. M'mphepete mwa Shire ng'azi zimaothera dzuwa poyera, ndipo n'zimene zimafukula mazira a ng'ona make akangochokapo. Bungwe la Wildlife and Environmental Society of Malawi lili ndi nthambi konkuno, ndipo ku University of Malawi kuli aphunzitsi a sayansi ya zamoyo. Achinyamata odziwa za abuluzi ndi njoka ndi ochepa m'dziko muno, ndipo mungakhale mmodzi wa iwo.

Koma kanthu kali m'diramuko sikangadikire zonsezi. Lero lomwe chotsani diramu padzuwa la masana, poti chitsulo chikatentha kapsa kopanda kothawira. Ikanimo masamba ouma ambiri ndi khungwa loti kabisalemo, ndi mbale yosaya ya madzi. Ana asasuzumire, inunso musakagwire. Mukaona kuti kavulala, kapena kafooka kosatha kuyenda, imbirani a Dipatimenti ya nyama zakutchire kapena a Lilongwe Wildlife Trust, amene amalandira nyama zopulumutsidwa, akuuzeni chochita. Ngati kakadali ndi mphamvu yokwapula mchira, mawa cha m'ma 9 koloko, dzuwa litafunda, kalowetseni m'thumba lansalu popendeketsa diramu, mupite nako pomwe munakatola. Pezani pali bango kapena udzu wowirira pafupi ndi madzi, ikani thumba pansi, masulani kukamwa, mubwerere masitepe khumi n'kukhala pansi. Kakhoza kutenga mphindi zingapo kasanatulutse mutu. Mukabwerako musambe m'manja ndi sopo, ndipo mundilembere mundiuze kuti kanalowera mbali iti, poti ndikufuna kudzaona chulu chimenecho.