Kagalu kakamakokana chingwe ndi galu wamkulu, kodi kaonongeka?

Imelo ya sabata ino yachokera kwa bambo ena omwe ali ndi agalu awiri: German Shepherd wa zaka 4 ndi kamwana ka Malinois (mtundu wa agalu a ku Belgium) ka miyezi 3, kamene akufuna kudzakaphunzitsa ntchito yachitetezo. Akuti awiriwa amangokhalira kukokana chingwe, ndipo mnzawo wawaopseza kuti kagaluko kaonongeka. Ndiye akufunsa: awaletse kapena awasiye?

Bambo, musawaletse kotheratu, komanso chingwecho chisamangokhala pabwalo ngati mbale ya madzi. Chizituluka ndi inu, chizilowanso ndi inu.

Yambani ndi kukhala pansi mphindi 10 n'kuwayang'anitsitsa. Galu wamkulu wodziwa kusewera ndi ana amadzifooketsa dala. Amagona chammbali, kukoka pang'ono, kenako n'kutaya, kamwana n'kuthawa nacho chingwe mchira uli m'mwamba. Ameneyo ndi mphunzitsi waulere. Koma alipo wina amene amangoti gwi, kugwedeza mutu kawiri, kamwana n'kugubuduzika, iye n'kukagonera chingwecho. Ngati wanuyo ndi wotero, mnzanu uja sananame.

Vuto lake lili pa kalumidwe. Mu masewera a IGP, amene kale ankatchedwa Schutzhund ndipo anayambira ku Germany ngati njira yoyesera agalu a German Shepherd, galu amaluma mkono wokhuthala wa chiguduli womwe munthu wavala. Woweruza amafuna kuona galu atadzaza kamwa yonse mpaka mano akumbuyo, atagwira osatafunatafuna, ndipo akauzidwa kuti asiye, asiye pomwepo. Kagalu kolandidwa tsiku ndi tsiku kamaphunzira zosemphana ndi zimenezi. Kamaluma ndi mano akutsogolo okha chifukwa kakuthamangira kutsomphola, kamatafuna mwamantha, ndipo kakangopeza mpata kamathawa nacho. Kusiya kamakuona ngati kuluza, chifukwa ndi mmene zakhala zikukathera.

Ine ndinaziona pa galu wanga wina wamkazi amene anakulira pakati pa akuluakulu awiri. Tsiku loyamba kumupatsa chiguduli analuma kunsonga kwenikweni, maso ali kumbuyo kusaka womulanda, ngakhale pabwalopo panalibe galu wina. Nditamusiyira, anakabisala nacho kunsi kwa galimoto. Zinanditengera miyezi kuti akhulupirire zoti akabwera nacho kwa ine masewera amapitirira. Cholakwa chinali changa, osati chake.

Chachiwiri n'chakuti galu mnzake ndi wosangalatsa kuposa inu. Sadandaula msana, satopa, sapita kuntchito. Kagalu kakakhuta masewera ndi mnzake kuyambira m'mawa, inu mukamatulutsa nsanza madzulo kangokuyang'anani n'kuyasamula. Pomwe ntchito yachitetezo yonse imatsamira pa galu amene amadziwa kuti zokoma zimachokera kwa mwini wake. Choncho inu muziyamba, kagaluko kadakali ndi njala ya masewera, wamkulu ali kwina kosaoneka. Mphindi 2 kapena 3 zakwana. Kokerani nsanzayo pansi ngati kanthu kothawa, kakaluma mozama n'kugwira modekha kasiyireni kapambane. Kakaluma kunsonga, imitsani dzanja, dikirani kakankhire kamwa mkati, ndiye mukapatse. Lekani masewera kadakafunabe.

Ena amati galu ukamulola kupambana adzakuderera. Nicola Rooney ndi John Bradshaw anaziyesa pa agalu a Golden Retriever, ndipo zotsatira zomwe anafalitsa mu 2002 zinasonyeza kuti kupambana kapena kuluza pokokana ndi munthu sikunasinthe mmene galu amaonera udindo wa munthuyo. Musaope kuluza kwa kamwana ka miyezi 3.

Pali chinthu chimodzi chimene sindinyengerera, ndicho mano. Kagalu kali ndi mano oyamba 28, ndipo galu wamkulu amakhala ndi 42. Kusinthana kwake kumachitika makamaka pakati pa miyezi 4 ndi 6, kutanthauza kuti kanuko katsala pang'ono. Mukayamba kuona timadontho ta magazi pa chingwe kapena kadzino pansi, kukokana ndi galu wamkulu kuime. Iye sadziwa kuti nkhama za mnzakeyo zikupweteka. Kamwana kakamva ululu nthawi iliyonse kakaluma mwamphamvu, kayamba kuluma mosamala, ndipo chizolowezi chimenecho chimatsalira ngakhale mano atsopano atamera. Nthawi imeneyi muzikapatsa chotafuna chofewa, inu muzichita nako za kukhala, kubwera ndi kutsatira fungo.

Musayembekezerenso kuti kukoka chingwe kukasandutsa mlonda. Ndi masewera othamangitsa ndi kugwira basi. Kulimbana ndi munthu woopseza ndi phunziro lina, la galu wokhwima maganizo, ndipo kumafuna mphunzitsi wodziwa. Ngakhale mayeso a gawo loyamba la IGP (IGP 1) salola galu wosakwana miyezi 18. Aliyense amene angakuuzeni kuti azikaopseza ndi ndodo panopa kuti kalimbe mtima, musamupatse kagalu kanu.

Awiriwo azithamangitsana, azigwetsana, azigona limodzi, palibe choipa. Chingwe chokha ndicho muchikweze pashelefu, ndipo mukawapatsa mukhalepo. Pakatha masabata awiri mundilemberenso, mundiuze ngati kakumabwera nayo nsanza kwa inu kapena kakuthawirabe nayo kuseri.