Funsani Tikuyankheni: Kodi amene akulimbana ndi boma la Iran akudana ndi Chisilamu?

FUNSO: Akonzi, ine ndine Msilamu ndipo hijabu ndimavala mwakufuna kwanga, palibe amandikakamiza. Koma pa Facebook ndakhala ndikuona mavidiyo a azimayi aku Iran akuwotcha mipango yawo pamsewu, komanso pali mayi wina dzina lake Maryam Rajavi amene gulu lake likuti likufuna boma losayendera chipembedzo. Kodi anthuwa akudana ndi Chisilamu kapena chani? Nanga mayiyu ndi amene akutsogolera zonsezi? Ndine wowerenga wanu, ku Mangochi.

YANKHO: Zikomo mayi. Ayi, mkanganowu si wa Asilamu ndi anthu amene si Asilamu, ambiri mwa amene akuchita zionetserozi anabadwira m'mabanja a Chisilamu ndipo pakati pawo pali azimayi ovala hijabu ngati inu nomwe. Chimene akukana ndi choti boma lizimanga munthu chifukwa cha tsitsi lake.

Kuti mumvetse tiyambe ndi 1979, pamene mfumu Mohammad Reza Pahlavi inathawa m'dzikomo Ayatollah Khomeini nkutenga ulamuliro. Kuyambira pamenepo wamkulu weniweni wa dziko si pulezidenti ayi koma mtsogoleri wachipembedzo, amene sasankhidwa ndi anthu mwachindunji, ndipo asilikali, makhothi ndi wailesi ya boma zonse zili m'manja mwake. Khomeini atamwalira mu 1989 analowa m'malo ndi Ali Khamenei. Zisankho zimachitika inde, koma pali khonsolo ya anthu 12, theka lawo osankhidwa ndi mtsogoleriyo, imene imasefa mayina a ofuna kuima nawo, nde amene sakugwirizana ndi dongosololi amatsala panja mavoti asanayambe nkomwe, ndipo khonsoloyi sinalolepo mzimayi kupikisana nawo pa upulezidenti.

Azimayi sanayambe dzulo kukana. Pa 8 Malichi 1979, patangopita masabata ochepa boma latsopanoli litalowa, anadzaza misewu ya Tehran, likulu la dzikolo, kutsutsa zokakamiza hijabu, komabe pofika 1983 linali lamulo lokhala ndi chilango. Ndipo nkhani si ya chovala chokha. Mtsikana atha kukwatiwa ali ndi zaka 13, mkazi wapabanja amafunika chilolezo cha mwamuna wake kuti atenge pasipoti, ndipo Shirin Ebadi yemwe anali jaji anamuchotsa pampando kamba koti ndi mkazi basi (patsogolo pake mu 2003 anadzalandira mphoto ya Nobel ya mtendere). Achikulire kuno akukumbukira kuti nthawi ya Kamuzu mzimayi samaloledwa kuvala thalauzi, apolisi nkumayeza kutalika kwa siketi ndi maso. Ndi zoterozo, kungoti uko lamulolo amati ndi la Mulungu, nde ukalitsutsa umaoneka ngati ukutsutsa Mulungu amene.

Mavidiyo amene mukuwaonawo ambiri anayamba pambuyo pa 16 Seputembala 2022, tsiku limene Mahsa Amini wa zaka 22, wochokera ku Saqqez kudera la Akurdi, anamwalira ali m'manja mwa apolisi oyang'anira kavalidwe atamugwira kuti sanavale bwino hijabu. Boma linati anali ndi matenda kale, abale ake anakana. Dziko lonse linawira, anthu akufuula kuti "Mkazi, Moyo, Ufulu", ana asukulu, anyamata, ochita malonda, onse. Mabungwe oona za ufulu wa anthu akuti anaphedwa oposa 500, ndipo ena anadzanyongedwa, woyamba anali Mohsen Shekari mu Disembala chaka chomwecho.

Tsono za Mayi Rajavi, apa mpofunika kusamala. Iwo amatsogolera National Council of Resistance of Iran, bungwe lomwe linayamba mu 1981 ndipo lili kunja kwa dziko, makamaka ku France, ndipo msana wake ndi gulu la Mojahedin-e Khalq lomwe ambiri amangoti MEK. Papepala mfundo zawo khumi nzokoma ndithu: chipembedzo chikhale padera boma padera, amuna ndi akazi akhale ofanana pamalamulo, chilango chonyonga chithe, zida za nyukiliya ayi. Ndipo onani, MEK imeneyo ndi gulu la Asilamu, Mayi Rajavi amavala mpango kumutu nthawi zonse, zimene akunena nzoti kuvala kapena kusavala kukhale kwa mwini wake. Anthu awo anazunzikanso kwambiri, mu 1988 akaidi andale masauzande anaphedwa m'ndende za Iran ndipo ambiri anali a gululi.

Koma mbiri yawo ili ndi mabala. Mu 1986 anasamukira ku Iraq nkukhala mbali ya Saddam Hussein nkhondo ya mayiko awiriwa ili mkati, nkhondo imene inapha anthu ochuluka zedi kuyambira 1980 mpaka 1988, ndipo aku Iran ambiri sanawakhululukire mpaka pano, ngakhale amene boma lawo sakulifuna. Dziko la America linawaika pamndandanda wa zigawenga kuchokera 1997 mpaka 2012. Ena amene anatuluka m'gululi, lomwe pano mamembala ake ambiri ali ku Albania, amanena kuti mkatimo kutsutsa atsogoleri nkosaloledwa ndipo mabanja ankawakakamiza kusudzulana, eni ake amakana. Ine pandekha gulu lolonjeza demokalase koma mkati mwake mulibe wotsutsa ndimaliyang'ana ndi diso limodzi.

Nde pafunso lanu lachiwiri, ayi, sakutsogolera zonse. Kulinso otsatira Reza Pahlavi mwana wa mfumu ija yemwe amakhala ku America, kuli zipani za Akurdi, mabungwe a aphunzitsi ndi apantchito, ndipo magulu amenewa sagwirizana, ena amanyozana poyera pa intaneti. Zionetsero za 2022 zinalibe mtsogoleri mmodzi. Dzina limene linamveka kwambiri kuchokera mkati mwa dzikolo ndi la Narges Mohammadi, amene analandira mphoto ya Nobel mu 2023 ali m'ndende ya Evin ku Tehran, moti anakamulandirira ku Oslo ndi ana ake amapasa.